Kachidole Sikataya Magazi: Mbiri ya Kawerengedwe ka Mabala M'masewera a Nkhondo a Patebulo

Ku Ulaya, ku America ndi kumaiko ena kuli anthu akuluakulu amene amatha miyezi akupaka utoto tizidole ta asilikali, tambiri mwa ito tosaposa chala kutalika. Akamaliza amatindandalika patebulo lokhala ndi timapiri ndi timabwinja ta nyumba kuti magulu awiri amenyane. Mtunda amayeza ndi tepi, ndipo madayisi ndiwo amagamula ngati chipolopolo chalasa kapena chaphonya. Kwa zaka 200 tsopano, masewerawa akhala akulimbana ndi vuto limodzi looneka lochepa. Msilikali wa mtovu kapena wa pulasitiki akavulazidwa, amangoima monga anaimira poyamba. Nanga bala lakelo lisungidwe pati, ndipo woliyang'anira akhale ndani?

Oyamba kuyankha funsoli anali asilikali enieni a ku Prussia. M'chaka cha 1824, Georg von Reisswitz, msilikali wachinyamata wa gulu la mizinga, anasindikiza malamulo a masewera otchedwa Kriegsspiel, amene bambo ake anawayamba zaka zingapo m'mbuyomo. Sanali masewera ochezera. Mkulu wa asilikali, General von Müffling, atawaona analimbikitsa kuti azigwiritsidwa ntchito pophunzitsa atsogoleri a nkhondo. Pamapu enieni ankaikapo timidadada tofiira ndi tabuluu, kalikonse koimira gulu lathunthu. Gulu la asilikali oyenda pansi 450 linali ndi mapointi 90, la apakavalo 90 linali ndi mapointi 60. Woyimbira masewera ankakhala ndi pepala la mizere ya madontho, pomwe ankabayapo kapini ka gulu lililonse. Gulu likaomberedwa, kapiniko kankasuntha. Likaphwanyika kwambiri, kamdadada kake ankakachotsa pamapu n'kuikapo kocheperapo. Osewera ankangolemba zofuna zawo n'kupereka kwa woyimbirayo, choncho nkhani yonse ya mabala inali m'manja mwa munthu wachitatu wosakondera mbali. Dongosololi linali labwino kwa gulu lankhondo, limene lili ndi anthu oti n'kuwatuma ntchito imeneyi. Kwa anthu awiri ofuna kusewera panyumba madzulo, linali lolemetsa.

Wolemba mabuku wa ku England, H. G. Wells, anatenga njira ina kotheratu. M'buku lake la Little Wars la mu 1913, mabala mulibe. Osewera ankagwada pansi ndi kamzinga koseweretsa kopangidwa ndi kampani ya Britains, kokhala ndi sipuling'i yoponya kachikuni. Msilikali amene kachikuniko kamugwetsa, wafa. Amene akadali chiimire, ali moyo. Wells ankaona kuti Kriegsspiel, momwe ankaseweredwera ndi asilikali a ku Britain, anali masewera otopetsa chifukwa woyimbira ankalowerera pachilichonse. Iye ankafuna kuti tebulo kapena pansi pa nyumba pazidzinenera pokha. Ganizo lakuti kachidole kamodzi kali ndi moyo umodzi linakhazikika, ndipo limapezekanso m'buku la War Games la Donald Featherstone la mu 1962, ngakhale kuti pofika nthawiyo madayisi anali atalowa m'malo mwa kamzinga kaja. Pamene osewera anayamba kumata asilikali atatu kapena anayi pakathabwa kamodzi kuti aziyenda pamodzi, wakufa sankathekanso kumuchotsa yekha, ndiye ankamuveka kachipewa kapena kamphete pamutu.

Bala lenileni linalowa m'masewerawa kudzera panyanja. Sitima yankhondo siimira ndi chipolopolo chimodzi, ndipo aliyense wofuna kuitsanzira patebulo ayenera kupeza njira yoonetsera kuti yawonongeka koma ikuyandamabe. Fred T. Jane, wolemba mabuku ofotokoza sitima zankhondo za maiko onse, anatulutsa masewera ake mu 1898. Wosewera ankamenya chithunzi cha sitima ya mdani ndi kandodo kokhala ndi kapini kunsonga, ndipo pamene pabooka pepala ndi pamene sitimayo yalasidwa. Fletcher Pratt wa ku New York anapitiriza. Malamulo ake, amene anasindikizidwa mu 1940, ankapatsa sitima iliyonse nambala yowerengedwa kuchokera ku mizinga yake, kukhuthala kwa zitsulo zake, liwiro ndi kulemera kwake. Ikalasidwa, nambalayo inkatsika, ndipo liwiro ndi mphamvu ya mizinga zinkatsika nayo. Anthu ambirimbiri ankasewera pansi m'maholo aakulu, oyimbira akuyeza ndi kulemba. Apa ndi pomwe panamera ganizo limene lafika mpaka lero, lakuti chovulala chizifooka chisanafe.

Kuchoka pa sitima kufika pa munthu kunatenga zaka zina 30. Mu 1971 Gary Gygax ndi Jeff Perren anatulutsa Chainmail, masewera a nkhondo za makedzana, amene kumapeto kwake kunali gawo la ngwazi, amatsenga ndi zinjoka. Ngwazi inkaposa asilikali wamba chifukwa kuti iphedwe pankafunika kuti ilasidwe kanayi nthawi imodzi. Ikalasidwa katatu kokha, inkapitiriza ngati palibe chachitika, ndipo panalibe cholemba. Dave Arneson wa ku Minnesota atayamba kupatsa wosewera aliyense munthu mmodzi yekha woti aziyenda naye, anapeza kuti anzakewo sankafuna kuti munthu wawo, amene amukonda kwa masabata ambiri, afe chifukwa cha kuponya madayisi kamodzi. Iye mwini anadzanena kuti yankho analitenga ku masewera a sitima zankhondo. Dungeons & Dragons itatuluka mu 1974, munthu aliyense anali ndi nambala ya moyo wake papepala, yofufutidwa ndi kulembedwanso ndi pensulo mpaka pepalalo kubooka.

M'zaka za m'ma 1980 njira inagawikana pawiri, ndipo mbali zonse ziwiri zidakalipo. Ku Chicago, kampani ya FASA inatulutsa mu 1984 masewera a zimaloboti zankhondo, amene poyamba ankatchedwa Battledroids kenaka BattleTech. Loboti iliyonse ili ndi pepala lake lathunthu, lojambulidwa thupi lake: mutu, chifuwa, nthiti zakumanja ndi zakumanzere, mikono ndi miyendo, chiwalo chilichonse chodzaza timabwalo. Ukalasa, umaponya madayisi awiri kuti udziwe pomwe chagwera. Akasonyeza 12, chagwera kumutu, komwe zitsulo zoteteza sizingapose timabwalo 9. Mwini loboti amadetsa timabwalo ndi pensulo, ndipo takunja tikatha, kuwonongeka kumalowa mkati, komwe kungathyole mfuti, kulemaza mwendo kapena kuphulitsa zipolopolo zosungidwa. Pepala la BattleTech pamapeto pa masewera limasimba nkhani yonse ya nkhondoyo, ndipo ine ndimaona kuti palibe njira ina imene imapatsa bala ulemu wotere. Mtengo wake ndi nthawi. Maloboti anayi mbali iliyonse amatha madzulo onse, n'chifukwa chake mu 2013 panatuluka Alpha Strike, yomwe inachepetsa pepala lija kukhala kakhadi ka timabwalo towerengeka.

Ku England, Bryan Ansell, Richard Halliwell ndi Rick Priestley anatulutsa Warhammer mu 1983, ndipo Warhammer 40,000 inatsatira mu 1987. Iwo ankafuna tizidole tambirimbiri patebulo, choncho anaphatikiza Wells ndi Arneson. Msilikali wamba anapatsidwa bala limodzi: akalasidwa, amachotsedwa. Atsogoleri ndi zilombo zikuluzikulu ndizo zinapatsidwa mabala awiri, atatu kapena kuposerapo. Popeza oterewa anali ochepa, sipanafunike pepala. Wosewera ankangoika kadayisi pambali pa mtsogoleri wake, nambala yoyenera ikuyang'ana kumwamba. Chizolowezi chimenechi, chomwe palibe amene anachikonza mwadala, n'chimene chafala kuposa zonse.

Opanga masewera ena anayesa kuchipambana. Jordan Weisman, mmodzi wa amene anayambitsa BattleTech, anabwera ndi Mage Knight mu 2000 ndi HeroClix mu 2002, kudzera m'kampani ya WizKids. Iye anabisa pepala lonse m'tsinde la kachidole. Tsindelo ndi kagudumu kokhala ndi kazenera koonetsa liwiro, mphamvu ndi chitetezo. Bala lililonse umapotokola kamodzi, manambala n'kusintha, mpaka pakazenera pataoneka chizindikiro cha imfa. Ndi nzeru yozama, moti ngwazi zina monga Hulk anazikonza kuti zizikula mphamvu zikamavulala. Chovuta n'chakuti kuti upotokole uyenera kunyamula kachidoleko, ndipo m'masewera oyeza mtunda ndi tepi monga Mage Knight, kubwezera pamalo enieni sikophweka. Warmachine ya mu 2003 inasankha makhadi. Makina ankhondo aliwonse anali ndi khadi la mizere 6 ya timabokosi, tina tolembedwa zilembo zoimira mkono, miyendo kapena ubongo wa makinawo. Timabokosi tonse ta chiwalo tikadetsedwa, chiwalocho chalemala. Osewera ankalowetsa makhadiwo m'timatumba ta pulasitiki n'kumalemba ndi cholembera chofufutika. X-Wing ya mu 2012 inachita zina: ndege ikalasidwa imalandira khadi lovundikira, koma ikalasidwa poipa khadilo limatembenuzidwa n'kuwerengedwa, ndipo limanena chimene chawonongeka.

Pomwe mabala achuluka, ochenjera nawonso amapezerapo mpata. M'malamulo a Warhammer 40,000 a mu 2008, gulu la asilikali a mabala awiri, ngati aliyense ali ndi zida zosiyana ndi mnzake, linkatha kugawana mabala limodzilimodzi popanda wina kufa. Osewera ena ankakonza dala magulu awo motero, ndipo tebulo linkadzaza timadayisi. Malamulo a mu 2017 amanena mosapita m'mbali kuti wovulala kale ndiye azilandira bala lotsatira. Koma chaka chomwecho chinabweretsa mtolo wina. Akasinja, amene kale ankawerengedwa mwa njira yawoyawo, anapatsidwa mabala ngati zamoyo: Leman Russ 12, Land Raider 16, chimakina cha Imperial Knight 24, ndipo mphamvu zawo zinkatsika malinga ndi mabala otsala. Kadayisi ka mbali 6 sikanakwanirenso. Anthu anayamba kuika awiri kapena anayi, ena kugula a mbali 10 kapena 20, ena timagudumu ta manambala, ena kusindikiza pa makina a 3D timabokosi tomatirira ndi maginito patsinde la kasinja.

Amene anaimapo pafupi ndi tebulo lotere amadziwa zimene zimachitika. Pambali pa kasinja wa mabala 12 pali kadayisi koonetsa 4. Wina akuti ndiye kuti atsala ndi mabala anayi, mwini wake akuti ayi, walandira anayi, atsala asanu ndi atatu. Onse awiri akunena zoona monga anazolowera, ndipo kampani ya Games Workshop, yopanga masewera a Warhammer, nayonso inathandizira chisokonezochi: matebulo a manambala a masewera ake a Age of Sigmar a mu 2015 ankawerenga mabala olandiridwa, pomwe a Warhammer 40,000 ankawerenga otsala. Kenaka pali dzanja. Wosewera akusonkhanitsa madayisi 20 amene wangoponya, dzanja likusesa patebulo, n'kutengera kumodzi kadayisi ka mabala kaja. Awiriwo amayang'anana. Palibe amene akukumbukira bwino ngati kanali pa 3 kapena pa 5, ndipo masewera a maola atatu atsamira pa kukhulupirirana basi. Wosewera bawo sakumana ndi zoterezi, chifukwa nkhomo zonse zili m'maenje pamaso pa onse awiri, ndipo zimene zili pabawopo ndiye nkhani yonse.

Ena anaganiza zongothawa vutoli. De Bellis Antiquitatis ya mu 1990, ya Phil Barker ndi anzake, ilibe chowerenga chilichonse: gulu likagonja limabwerera m'mbuyo, kuthawa kapena kuchotsedwa. Kings of War ya Alessio Cavatore imasiya tizidole tonse pamalo pake n'kumaunjika mabala pa gulu lonse mpaka litataya mtima. Warhammer 40,000 nayo mu 2023 inafupikitsa matebulo a kufooka aja kukhala mzere umodzi. Kumbali ina, mapulogalamu a pafoni alowapo, ndipo Warmachine ya mu 2022 inasamutsira makhadi ake pafoni. Foni siiwala ndipo dzanja silingaisese, koma imabweza bala kumalo obisika, ngati pepala la woyimbira wa ku Prussia lija, pomwe tsopano wogwira pepalalo ndi mmodzi wa omenyanawo. Mnzako akafuna kudziwa ngati chilombo chako chatsala pang'ono kugwa, ayenera kukufunsa, ndipo kufunsako kumaulula chimene akuganiza kuchita.

Pachifukwa chimenechi ine ndili kumbali ya chizindikiro chooneka patebulo, chimene mdani angachiwerenge ali tsidya lina osatsegula pakamwa. Ngati mukuyamba kumene masewerawa, musanaponye madayisi oyamba gwirizanani ndi mnzanu kuti muziwerenga mabala otsala, chifukwa ndiyo nambala imene iye akuifuna posankha woti amuombere. Ndipo kadayisi ka mabala kakhale ka mtundu ndi kukula kosiyana ndi madayisi oponya, kokhala m'kabokosi kake pafupi ndi kachidoleko.