David Davis

David Davis (9 Marichi 1815 – 26 Juni 1886) anali loya, phungu wa nyumba ya malamulo komanso woweruza milandu wa ku United States. Anali mnzake wa Abraham Lincoln ndipo ndi amene anatsogolera gulu lomwe linamuthandiza kuti chipani cha Republican chimusankhe kuimira upulezidenti mu 1860. Amadziwika kwambiri ndi chigamulo cha mlandu wa Milligan, chomwe chinaletsa asilikali kuweruza anthu wamba kumene makhoti a boma akugwira ntchito.

Ubwana ndi maphunziro

Davis anabadwira ku Cecil County m'chigawo cha Maryland, bambo ake atamwalira kale. Anamaliza maphunziro pa Kenyon College ku Ohio mu 1832, kenako anaphunzira zamalamulo ku Massachusetts ndi ku Yale. Mu 1835 anapita ku Illinois kukayamba ntchito ya uloya, ndipo chaka chotsatira anakhazikika m'tauni ya Bloomington. Anakwatira Sarah Walker mu 1838. Ndalama zake ankagulira malo, omwe pa nthawiyo anali otchipa, ndipo analemera nawo kwambiri.

Ku Illinois

Anasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya Illinois mu 1844 ngati membala wa chipani cha Whig, ndipo mu 1847 anali nawo pa msonkhano wolemba malamulo atsopano oyendetsera chigawocho. Kuyambira 1848 mpaka 1862 anali woweruza wa dera lachisanu ndi chitatu la makhoti a Illinois. Masiku amenewo khoti linkayendera anthu. Kawiri pachaka woweruza ndi maloya ankayenda pa akavalo ndi ngolo kuchoka boma ili kupita boma lina, kumva milandu masiku ochepa n'kupitirira. Ankagona m'nyumba za alendo, nthawi zambiri angapo m'chipinda chimodzi. Mmodzi mwa maloyawo anali Lincoln, ndipo Davis ankamukhulupirira moti nthawi zina akachokapo ankamusiyira mpando kuti amve milandu ing'onoing'ono.

Pa msonkhano wa chipani cha Republican ku Chicago mu 1860, ambiri ankayembekezera kuti William Seward wa ku New York ndiye apambane. Davis ndi anzake anayenda kwa nthumwi za zigawo zosiyanasiyana kuzinyengerera, ndipo Lincoln anapambana ataponya mavoti kachitatu.

Khoti Lalikulu ndi mlandu wa Milligan

Lincoln anamusankha kukhala woweruza wa Khoti Lalikulu la dzikolo mu 1862, nkhondo yapachiweniweni ili mkati. Pa nkhondoyo boma linalola makhoti a asilikali kuweruza anthu wamba owaganizira kuti akuthandiza adani. Lambdin Milligan, loya wa ku Indiana, anamangidwa mu 1864 pomuganizira kuti akukonza chiwembu choukira boma, ndipo khoti la asilikali linagamula kuti anyongedwe. Komatu ku Indiana kunalibe nkhondo, ndipo makhoti wamba ankatsegula masiku onse.

Nkhaniyi inagamulidwa mu 1866, Lincoln ataphedwa kale. Oweruza onse asanu ndi anayi anagwirizana kuti Milligan amasulidwe, koma anasiyana pa chifukwa chake. Anayi, motsogozedwa ndi Salmon Chase, anati nyumba ya malamulo ikanafuna ikanatha kuvomereza makhoti otere. Davis, polemba m'malo mwa asanu enawo, anakana: malamulo oyendetsera dziko amateteza munthu mofanana pa mtendere ndi pa nkhondo, ndipo pulezidenti kapena nyumba ya malamulo sangapereke munthu wamba kwa asilikali pamene makhoti ali otsegula. Amene ankalemba zimenezi ndi yemwe pa nthawi yomweyo ankayang'anira chuma chamasiye cha Lincoln, mtsogoleri wa boma lomwe linamanga Milligan. Aphungu ambiri a Republican anakwiya, poopa kuti chigamulochi chifooketsa ulamuliro wa asilikali m'zigawo zakumwera zomwe zinagonja.

Chisankho cha 1876

Pofika zaka za m'ma 1870, Davis sankaonedwanso ngati wa chipani chilichonse. Chisankho cha 1876 pakati pa Rutherford Hayes wa Republican ndi Samuel Tilden wa Democratic chinathera m'mkangano pa mavoti 20 a nthumwi zosankha pulezidenti, ochokera ku Florida, Louisiana, South Carolina ndi Oregon. Nyumba ya malamulo inakhazikitsa bungwe la anthu 15: asanu ndi awiri a chipani chilichonse, ndi mmodzi wapakati, yemwe aliyense ankadziwa kuti akhala Davis.

Mu Januwale 1877 aphungu a Democratic ku Illinois anathandiza kumusankha kukhala seneta, mwina poganiza kuti awabwezera zabwino. Zinawatembenukira. Davis anavomera useneta koma anakana kulowa m'bungwelo, ndipo malo ake anatenga Joseph Bradley wa Republican. Bungwelo linapereka mavoti onse 20 kwa Hayes, asanu ndi atatu kutsutsana ndi asanu ndi awiri, ndipo Hayes anapambana ndi 185 kwa 184.

Zaka zomaliza

Davis anakhala mu Senate kuyambira 1877 mpaka 1883. Mu Okutobala 1881, James Garfield atamwalira ndipo wachiwiri wake Chester Arthur atatenga mpando, maseneta anasankha Davis kukhala wapampando wawo. Popeza dziko linalibe wachiwiri kwa pulezidenti, malamulo a nthawiyo ankati iye ndiye akanalowa m'malo Arthur akanamwalira. Atapuma anabwerera ku Bloomington, komwe anamwalirira. Nyumba yake, yotchedwa Clover Lawn, tsopano ndi malo osungirako mbiri yakale.