Kampira, Dzenje ndi Wonyamula Zikwama wa ku Durban



Achimwene anga atabwera kuchokera ku Joni mwezi watha anandisiyira ndodo yakale ya gofu, ija amati putter, ndi timipira titatu. Nditazionetsa pamsonkhano wathu ena munaseka, eti gofu ndi ya mabwana a ku Lilongwe, ife a ku Mzimba tiiwale. Ndiye ndati ndikufotokozereni mbiri yake pang'ono, mwina muganizanso kawiri.

Gofu inakulira ku Scotland. Mu 1764 bwalo la St Andrews linakhala la maenje 18, ndipo mu 1891 anagwirizana kuti dzenje lililonse likhale lotambalala mamilimita 108, ngati pakamwa pa kapu yaikulu ya tiyi. Kuno kwathu masewerawa anabwera ndi atsamunda m'makalabu awo a ku Blantyre, Limbe ndi Zomba, ndipo munthu wakuda ntchito yake inali kunyamula chikwama cha ndodo basi.

Koma gofu sikumenya mpira patali kokha ayi. Ukafika pafupi ndi dzenje umangogogoda kampirako kuti kagubuduzike pansi mpaka kalowe, ndiye putting imeneyo. Pa bwalo la maenje 18 wosewera wabwino amayembekezeka kumenya ka 72, ndipo theka lake, 36, n'kugogoda kumeneku. Apa sipafunika mphamvu kapena ndodo yodula. Pafunika diso ndi manja osanjenjemera.

Tsopano tipite ku Durban, m'dziko lomwe lija abale athu amakasakako ntchito. Kumeneko kunali Mmwenye wina wosauka, Papwa Sewgolum, amene anakula akunyamulira azungu zikwama ndipo sukulu sanapite. Gofu anadziphunzitsa yekha, n'chifukwa chake ndodo ankaigwira mosemphanitsa, dzanja lamanzere pansi pa lamanja. Ambiri ankati akulakwitsa. Komatu ndi kagwiridwe komweko anapambana Dutch Open mu 1959, 1960 ndi 1964, komanso Natal Open mu 1963 ndi 1965, ulendo wachiwiriwu akugonjetsa Gary Player weniweniyo.

Zomvetsa chisoni n'zakuti inali nthawi ya tsankho. Chikho cha Natal Open anamupatsira panja mvula ikugwa, poti m'nyumba ya kalabu munali mwa azungu okha. Kenaka boma linamuletsa kupikisana ndi azungu, ndipo anamwalira ali wosauka mu 1978. Lero ku Durban kuli bwalo la gofu la dzina lake, ndipo akatswiri ngati Jordan Spieth pogogoda kampira amaika lamanzere pansi ngati iye, chifukwa kumathandiza kuti dzanja lisapindike pomenya.

Mwina mukuti, nanga kapinga wosalala uja tikamupeza kuti, poti bwalo lodziwika kuno kumpoto lili ku Mzuzu? Aise, m'madera ouma a Africa ndi Australia anthu akhala akusewera pa mchenga wosalaza wothira mafuta m'malo mwa kapinga. Ndiye pabwalo losesa bwino la ku Jenda kapena ku Embangweni sipochititsa manyazi.

Ine ndayesa kuseri kwa nyumba yathu, nditakwirira chitini pansi. Masiku oyamba kampira kankangopitirira chifukwa ndinkadzutsa mutu msanga kuti ndione ngati kalowa. Ndaphunzira kuti maso akhale pamwamba pa kampira, mutu usagwedezeke, ndodo iyendetsedwe ndi mapewa osati manja okha. Usanagogode, unjuta kaye kumbuyo kwa kampira uone kumene nthaka yapendekera. Yamba ndi mapazi atatu, kakalowa kakhumi motsatizana ubwerere phazi limodzi.

Loweruka likubwerali tikamaliza zokambirana ndibweretsa ndodoyi. Wina abwere ndi tsache, wina chitini. Atsikana musatsale. Amene munaseka muyambe ndinu.