Madzi omvera maginito ndi zala za osaona

Mafoni odzaza m'mashopu a mu Cairo Road ku Lusaka amamva chala cha munthu, koma sabweza kanthu koti chalacho chiwerenge. Galasi lake limazindikira kusintha kwa magetsi khungu likakhudza, zomwe akatswiri amati capacitive sensing. Munthu wosaona wa ku Kabwata akafuna kutumiza ndalama pa Airtel Money amangopeza galasi losalala. Amadalira mawu a foniyo m'phokoso la maminibasi, apo ayi apemphe wina, chinsinsi chake n'kutayika.

Chimene chikusowa ndi tactile display, chida chotutumutsa timadontho kuti chala chiwerenge. Zilembo zimene Louis Braille anafalitsa mu 1829 zimapangidwa kuchokera pa timadontho 6. Makina ozionetsa alipo kale, amakweza ndi kutsitsa timapini, koma ambiri amaonetsa mzere umodzi wokha, ndipo mtengo wake ndi wosayamba. Mapu kapena chojambula cha masamu sichingakwanepo.

N'chifukwa chake ofufuza ayang'ana ku madzi osintha khalidwe. Magnetorheological fluid, imene Jacob Rabinow anatulukira ku America cha mu 1948, ndi mafuta osakaniza ndi tifumbi ta chitsulo. Maginito akayandikira, tifumbito timalumikizana m'mizere, mafutawo n'kulimba m'kuphethira kwa diso, ngati phala lasanduka nsima. Maginito akachoka, amafewanso. Mnzake, electrorheological fluid, imene Willis Winslow analembetsa mu 1947, imamvera magetsi. Muyeso wofunika kwambiri ndi yield stress, mphamvu imene chala chiyenera kukanikiza nayo kuti madzi olimbawo agonje. Ikachepa, kadontho kamaphwa pansi pa chala, chilembo n'kusokonekera.

Mavuto ake si ochepa. Tifumbi timakhazikika pansi chidacho chikakhalitsa, mafuta amatha kudontha, ndipo mtundu wa Winslow umafuna mavoti masauzande pafupi ndi khungu la munthu. M'magalimoto zinatheka: Cadillac inaika madzi omvera maginito m'mashoko mu 2002. Za Braille zambiri zikadali m'malabotale.

Ine ndikuona kuti ntchitoyi ndi yathunso. Inu ophunzira uinjiniya pa University of Zambia, kwerani basi mupite ku laibulale ya osaona ku Chilenje, mukawafunse owerenga kumeneko kuti kadontho kabwino kamamveka bwanji ku chala.