Galamafoni m'Nyumba ya Wanchito

Munthu akalowa lero mu City Market pa Lumumba Road nafunsa galamafoni, anyamata a m'matebulo amuonetsa mafoni ndi zokuzira mau. Wacifundo amlozera kwa mkulu wina wokonza mawailesi akale. Komatu kale cinthu cimeneci cinali ulemu wa nyumba, pamodzi ndi njinga ndi makina osokera.

Galamafoni yoyamba kufika m'makomboni inali yopukusa ndi dzanja. Anthu anaikonda cifukwa sinafune magetsi, amene nyumba za anchito zinalibe. Mbale zace zinali zolemera, zosweka ngati mphika wadothi, zozungulira ka 78 pa mphindi, ndipo mbali imodzi inatha m'mphindi zitatu zokha. Singano zacitsulo zinagulidwa m'katini, ndipo lamulo lace linali lakuti nyimbo iri yonse ikhale ndi singano yatsopano. Ambiri pouma manja ananola yakale pa mwala, naononga mbale ya masheleni angapo pofuna kusunga kobiri.

Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'Boma la Northern Rhodesia, anapangana ndi kampani ya Ever Ready ya ku England kuti ipange wailesi yochipa yonga sufuliya, yochedwa Saucepan Special, imene inatuluka m'caka ca 1949. Mtengo wace unali £5, batire lace £1 5s. Wailesiyo sinaphe galamafoni ai, koma inaonjezera njala yace. Munthu atamva Alick Nkhata kamodzi pa Central African Broadcasting Station, anafuna mbale yakuti azimumva pa nthawi yofuna iye mwini. Ndipo anchito a m'migodi atanyanyala masabata atatu m'1952, malipiro nakwera m'1953, ndalama yogulira zotere inayamba kuoneka.

Tsono kunja kunali kutatuluka mbale zamtundu wina, za vinyl: zazikulu za 33 zocokera kwa Columbia m'1948, ndi zazing'ono za 45 zocokera kwa RCA Victor m'1949. Izi sizisweka msanga, koma mizere yace njosalimba, kotero kuti singano yacitsulo ndi mkono wolemera wa galamafoni yopukusa ziipalasa ngati khasu. Wofuna nyimbo zatsopano anayenera kugulanso makina. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands kunaima rediyogalamu yaikuru ngati kabati, nsaru yoluka pamwamba pace. Ku Kabwata ndi ku migodi kunafika kagalamafoni ka mabatire konyamula m'manja ngati sutikesi, ndipo ndi kameneka kanabvinitsa anthu pa maukwati. Ufulu utabwera m'1964, mawailesi a Supersonic analumikizidwa ku Livingstone, ndi mbale zinadindidwa ku Ndola kwa Teal Record Company. Apo ndipo mwana wa m'komboni anagula WITCH, Ngozi Family, ndi cimbale ca Amanaz cochedwa Africa, ca m'1975.

M'caka comweco mtengo wa kopa unagwa. Ndalama zakunja zinasowa, zitsulo zokonzera makina zinasowanso, ndipo kaseti, imene munthu anatha kujambulitsa kwa mnzace, inalanda malo. Magalamafoni anakankhidwira pansi pa kama.

Codabwitsa ncakuti mbale zomwezo zinadzafunidwa ndi alendo. M'2012 kampani ya Now-Again ya ku America inadindanso nyimbo za WITCH, ndipo mbale zoyambirira tsopano zigulidwa pa mtengo umene eni ace oyamba sakadaulota. Mdzukuru wa ku Chelstone wopeza katoni ya agogo ace ali ndi cuma m'manja, koma alibe colizira. Akapeza makina akale kwa wokonza mawailesi, zoyamba kuyang'ana ndi lamba wozunguza mbale ngati sanafooke, singano ngati sinabunthe, ndi mkono ngati utera mopepuka. Makina omangiriridwa kobiri pa mkono kuti singano isalumphe ngowasiya pomwepo pa tebulo.