Livingston (Guatemala)

Livingston ndi tawuni yaing'ono ya m'mphepete mwa nyanja ya Caribbean, m'chigawo cha Izabal kum'mawa kwa dziko la Guatemala. Ili pamalo pomwe mtsinje wa Río Dulce umathira m'nyanja, n'chifukwa chake Agarifuna amaitcha Labuga, dzina lochokera ku mawu a Chisipanishi otanthauza "pakamwa", kunena mathiriro a mtsinjewo. Tawuniyi isasokonezedwe ndi mzinda wa Livingstone wa ku Zambia. Dzina lake inalilandira mu 1831 polemekeza Edward Livingston, katswiri wa zamalamulo wa ku United States. Palibe msewu wolumikiza Livingston ndi matawuni ena a dzikolo. Anthu ndi katundu yemwe amayenda pa boti, kuchokera ku doko la Puerto Barrios kapena kutsika ndi mtsinje.

Mbiri

Agarifuna, omwe m'chilankhulo chawo amadzitchanso Garinagu, anayambira pa chilumba cha Saint Vincent. Kumeneko anthu ochokera ku Africa, ena opulumuka pa ngozi za zombo zonyamula akapolo ndipo ena othawa m'minda ya azungu, anakwatirana ndi Akaribu ndi Aarawaki, eni chilumbacho. Anamenya nkhondo ziwiri ndi Angerezi polimbirana malo. Mfumu yawo Joseph Chatoyer itaphedwa mu March 1795, mphamvu zawo zinachepa mpaka anagonja. Angerezi anatsekera anthu opitirira 4,000 pa kachilumba ka Baliceaux, pomwe pafupifupi theka anafa ndi matenda. Otsalawo anawatsitsa pa chilumba cha Roatán, kufupi ndi Honduras, pa 12 April 1797.

Kuchokera kumeneko anamwazikira m'magombe a Honduras, Belize, Guatemala ndi Nicaragua. Mbiri yapakamwa imati gulu lotsogoleredwa ndi Marcos Sánchez Díaz ndi limene linakhazikitsa Labuga cha m'ma 1802. Pambuyo pake Livingston inakula n'kukhala doko lotumizirapo khofi kunja, koma malonda anasamukira ku Puerto Barrios njanji itafika kumeneko.

Moyo wa tsiku ndi tsiku

Kale ntchito inali yogawika: amuna kunyanja ndi ukonde, amayi kumunda wa chinangwa. Usodzi ulipobe, ngakhale ambiri tsopano amadalira alendo odzaona malo monga mathithi a Siete Altares, komanso ndalama zomwe abale amatumiza kuchokera ku United States, makamaka ku New York.

Chakudya chomwe Agarifuna amanyadira koposa ndi ereba, buledi wopyapyala ndi wouma wa chinangwa chowawa. Amayi amamupanga pagulu chifukwa ntchito yake ndi yakalavulagaga. Amasenda chinangwa n'kuchikhula pa thabwa lokhomedwa timiyala takuthwa, kwinaku akuimba. Kenako amachilongedza mu ruguma, chithumba chachitali cholukidwa chooneka ngati njoka. Amachipachika m'mwamba n'kuchikokera pansi ndi mtengo kuti madzi a poizoni afinyike. Chotsalacho amachisefa, kuchiyala pa chiwaya chachikulu n'kuchiwotcha. Ereba amatha kukhala miyezi osawonongeka, ndipo izi zinali zofunika kwa anthu oyenda maulendo ataliatali apanyanja. Alendo amadziwa kwambiri tapado, msuzi wa kokonati wophikidwa ndi nsomba, nkhanu ndi nthochi zosapsa. Palinso machuca, nthochi zophika n'kusinja mumtondo, ndi gifiti, mowa waukali womwe amaviikamo mizu ndi zitsamba, umene ena amamwa ngati mankhwala.

Chilankhulo

Ngakhale Agarifuna ambiri amaoneka ngati anthu a ku Africa, chilankhulo chawo ndi cha banja la Chiarawaki la ku South America. Chili ndi mawu ena omwe mwambo umasiyanitsa pakati pa amuna ndi akazi. Ponena kuti "ine", mwamuna amati au pomwe mkazi amati nuguya. Manambala oyamba atatu ndi awoawo, aban, biama, ürüwa, koma opitirira pamenepo anabwerekedwa ku Chifalansa, umboni wa zaka zomwe anakhala moyandikana ndi Afalansa ku Saint Vincent.

Chikhulupiriro ndi magule

Ambiri ndi Akatolika, koma amalemekezanso mizimu ya makolo yotchedwa gubida. Munthu akadwala mosadziwika bwino kapena akamalota wachibale amene anamwalira, banja limakaonana ndi buyei, mkhalapakati wa amoyo ndi mizimu. Iye akaona kuti kholo lakwiya, amalamula dügü, mwambo wa masiku angapo wochitikira m'kachisi wotchedwa dabuyaba. Abale amasonkhana, ena kuchokera kunja kwa dziko, kudzaimba, kuvina ndi kupereka nsembe ya zakudya. Umafuna ndalama zambiri, moti kukonzekera kwake kumatha chaka.

Gule wotchuka ndi punta, yemwe poyamba ankavinidwa pa beluria, mchezo wa usiku wachisanu n'chinayi munthu akamwalira. Amamuimbira ng'oma ziwiri, yaing'ono yotchedwa primero ndi yaikulu yotchedwa segunda, pamodzi ndi maseche. Nthawi ya Khirisimasi amuna amavina wanaragua atavala zigoba zooneka ngati nkhope za azungu, atamanga tizigoba ta m'nyanja m'mawondo. Pa 26 November, tsiku la Agarifuna ku Guatemala, anthu amafika pagombe m'mabwato ndi ng'oma pokumbukira kubwera kwa makolo awo.

Zovuta za masiku ano

Mu 1995 boma la Guatemala linasaina pangano lozindikira Agarifuna, pamodzi ndi Amaya ndi Axinca, ngati mitundu yokhala ndi ufulu pa chikhalidwe chawo. Mu 2001 bungwe la UNESCO linaika chilankhulo, magule ndi nyimbo zawo m'gulu la chuma cha anthu onse. Komabe ulemu wa papepalawu sunaletse achinyamata kuchoka pofuna ntchito. M'dera la Livingston Agarifuna ndi ochepa tsopano poyerekeza ndi Amaya a mtundu wa Q'eqchi', ndipo ana ambiri amakula akulankhula Chisipanishi, Chigarifuna n'kumangochimva kwa agogo awo kapena m'nyimbo.