Zida zimene thupi limasula lokha

Achule a m'madambo a ku Mchinji, kumene mtsinje wa Bua umayambira, amagona m'thope lodzaza tizilombo, koma khungu lawo silivunda. Asayansi anachedwa kumvetsa chifukwa chake, ndipo anayambira kutali: pa mamina a munthu.

Mu 1922, Alexander Fleming wa ku London analengeza kuti m'mamina, m'misozi ndi m'malovu muli chinthu chosungunula mabakiteriya, nachitcha lysozyme. Sichinatchuke. Iye yemweyo atatulukira penisilini mu 1928, maso a dziko anapita kumeneko. Mu 1939, René Dubos ku New York anapeza gramicidin m'mabakiteriya a m'dothi. Ameneyu ndi peputayidi, kutanthauza kapuloteni kakafupi zedi. Ankapha tizilombo ndithu, koma ankaswanso maselo ofiira a magazi, choncho ankangomupaka pa zilonda. Vuto limeneli lavutitsa mankhwala a mtunduwu mpaka lero.

Zinthu zinasintha m'ma 1980. Hans Boman wa ku Stockholm ankafunsa kuti tizilombo touluka timapulumuka bwanji ku matenda pamene tilibe ma antibody ngati athu. Mu 1981 gulu lake linafotokoza za cecropin, peputayidi wa m'thupi la gulugufe wouluka usiku. Mu 1985, gulu la Robert Lehrer ku Los Angeles linapeza mapeputayidi otchedwa ma defensin mkati mwa asilikali a m'thupi la munthu. Kenaka chule uja: Michael Zasloff ankachita opaleshoni achule a ku Africa a mtundu wa Xenopus, womwe umapezekanso m'Malawi muno, n'kuwabwezera m'madzi akuda. Mabala ankapola popanda mafinya. Mu 1987 analengeza kuti pakhungu lawo pali peputayidi wotchedwa magainin.

Kaphedwe ka mapeputayidiwa n'kosavuta kumva. Khungu la bakiteriya lili ndi mphamvu ya magetsi ya negative, peputayidi ali ndi ya positive. Ziwirizi zimakokana, peputayidi amamatirira, amalowerera m'khungulo n'kuliboola, ndipo za mkati zimatayika ngati mtedza m'thumba lobooka. Maselo athu kunja kwake alibe mphamvu yokoka yotero, n'chifukwa chake nthawi zambiri amatsala bwinobwino.

Koma chimene chimandigwira mtima n'chakuti kupha si ntchito yawo yokha. LL-37, peputayidi wa pakhungu ndi m'mapapo mwathu, amaitana asilikali a m'thupi kuti athamangire pa bala, amamanga poizoni wa mabakiteriya kuti kutupa kusanyanye, amathandizanso khungu kumera. Mu 2006 kunadziwika kuti vitamini D ndi amene amadzutsa LL-37 m'maselo olimbana ndi kachilombo ka TB. Palinso hepcidin, wopangidwa m'chiwindi, amene amatifotokozera zomwe anamwino amaziona tsiku ndi tsiku. Mwana akadwala malungo, hepcidin amachuluka n'kutseka njira ya ayironi yochokera m'matumbo, pofuna kumana tizilombo chakudya. Mwana yemweyo amachepa magazi, zikhatho mbuu, ndipo mapiritsi a ayironi sagwira bwino mpaka malungowo atachizidwa.

Mchinji ali nayo mbali yake. Bungwe la MaiMwana, lomwe linkagwira ntchito kuchokera pa Boma, linaphunzitsa amayi odzipereka kuyendera anzawo m'midzi n'kuwalimbikitsa kuyamwitsa mwakathithi, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu The Lancet mu 2013. Amayiwo sankalankhula za mapeputayidi. Komatu mkaka wa m'mawere, makamaka woyamba wachikasu uja, uli ndi lysozyme, lactoferrin ndi ma defensin, ndipo khanda limawamwa matumbo ake asanakhwime. Ndimaona kuti phindu lalikulu la sayansi imeneyi kwa ife lili pamenepa, kuposa m'botolo la mankhwala.

M'botolo zakhala zikuvuta. Pexiganan, mafuta opaka opangidwa motengera magainin, anakanidwa ku America mu 1999 chifukwa sanapose mankhwala omwe analipo kale. Colistin, peputayidi wa m'banja la polymyxin lomwe linapezeka mu 1947, madokotala anamusiya m'ma 1970 poona kuti amawononga impso, koma anamubwerera mankhwala ena atayamba kulephera. Kulepherako kwafika ndi kuno: kafukufuku wa pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, wa zaka za 1998 mpaka 2016, anaonetsa kuti mabakiteriya a m'magazi akunka nakana mankhwala odalirika. Colistin nayenso wayamba kukanidwa. Mu 2015 ku China anapeza jini yotchedwa mcr-1 m'mabakiteriya a nkhumba, zomwe zinkadyetsedwa mankhwalawa kuti zinenepe msanga. Jiniyi imachepetsa mphamvu yokoka ija pakhungu la bakiteriya, ndipo imadumpha kuchoka pa bakiteriya wina kupita pa mnzake. China inaletsa colistin m'zakudya za ziweto mu 2017, jiniyo itapezeka kale m'maiko ambiri, kuphatikizapo South Africa.