Alemba, Sena ndi khomo la ku Israel

Ife a m'cigwa ca Zambezi tikamva dzina la Sena timangoganiza za tauni ya pa mtsinje ija. Koma ku Mberengwa, ku Zimbabwe, ndi ku Limpopo, ku South Africa, kuli mtundu wa anthu ochedwa Alemba amene amati makolo awo anali Ayuda, ndipo anacokera ku Sena. Sena wake uti? Ena amaloza wa kuno. Tudor Parfitt, mphunzitsi wa ku London amene anatsata nkhaniyi ndi kulemba buku mu 1992, analoza mudzi wa dzina lomwelo ku Hadramawt, m'dziko la Yemen. Alemba eni ake amati anamanga Sena waciwiri atawoloka nyanja, kotero mwina onse awiri akunena zoona.

Miyambo yawo ndiyo inayamba kudabwitsa alendo. Sadya nkhumba, amadula ana aamuna, ndipo nyama imene sanaizinge okha saikhudza. Komatu Asilamu nawonso amatero, ndipo ambiri mwa Alemba ndi Akristu. Ndiye akatswiri anapita ku magazi. Mu 2000 anafalitsa kuti amuna ambiri a Cilemba ali ndi cizindikiro cocokera ku maiko a Aluya ndi Ayuda, makamaka a pfuko la Buba, limene amati ndilo linawatsogolera pa ulendo. Kafukufuku wa pambuyo pake anacenjeza kuti cizindikirocho si ca Ayuda okha.

Nanga khomo la ku Israel linatseguka? Ayi ndithu. Cimene anayeza cimayenda kucokera kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna, pamene arabi amawerenga Uyuda kudzera mwa mayi. Ife Anyanja, amene mwana ndi wa kucikazi, tingamvetse msanga. Umboni unapezeka, inde, koma mbali imene oweruza sayang'ana.

Taonani za ku Ethiopia. Abeta Israel sanayezedwe magazi kuti alandiridwe. Mu 1973 Rabi Ovadia Yosef anagamula kuti ndi Ayuda, a pfuko la Dani, basi mau amenewo anatsegula njira. Kumapeto kwa 1984 anthu pafupifupi 8,000 ananyamulidwa pa ndege kudzera ku Sudan, ena ambiri atafera m'njira ndi m'misasa ya othawa. M'mwezi wa Meyi 1991 anthu oposa 14,000 anacoka ku Addis Ababa m'maola 36 okha. Koma pa ulendo umenewo anasiya Afalash Mura, amene makolo awo analowa Cikristu. Mabanja anagawika, ndipo ena anadikira zaka zoposa 20 ku Gondar asanaloledwe, atavomera kulowanso Ciyuda.

Alemba ambiri sanapemphe n'komwe ndege. Ena a iwo, mothandizidwa ndi bungwe la ku America lochedwa Kulanu, anayamba kuphunzira Cihebri ndi kumanga sunagoge ku Mapakomhere, kufupi ndi Masvingo, pa dothi lomwe anakwirirapo makolo awo.